Lachitatu, Folo Koloko

Ntchito yanga ndi ya mapepala.
Pachipata cha Mchinji ndimaima pakati pa maiko awiri,
chikwama kukhwapa, foni kukhutu,
kuwolotsa katundu wa eni:
simenti, shuga, matumba a feteleza,
malole atandanda mpaka pokhota msewu,
madalaivala atagona pamthunzi wa matayala
kudikira chidindo chimodzi chokha.

Chidindo chikagwa papepala, phaa!
tsiku latha.
Chikagwanso, phaa!
Meyi uja wapita osatsazika.

Sungeni anadzala nyemba m'chitini cha mkaka.
Aphunzitsi ndiwo anawauza.
Anati, Adadi, yamera, dzaoneni.
Ndinati mawa.
Anati yatulutsa masamba awiri ngati makutu a mbewa.
Ndinati ndikubwera, foni ikulira.
Anati yagwira chingwe choyanikira zovala, ikukwera.
Ndinati eya, ndamva, tandipatsira tchaja.

Tsiku lomwe ndinawerama kuti ndione
ndinapeza khoko louma lili lende,
nyemba zitatu zikuchita wayawaya m'kati.
Mwanayo sanalire.
Anangothothola khoko lija
n'kundiikira m'thumba la shati,
momwe ndimaika malisiti.

Usiku umenewo ndinachita masamu,
ine katswiri wowerengera msonkho wa anthu ena.
A Chimphepo ndi malole awo: sabata yathunthu.
Mzere wa kubanki: maola anayi.
Mpira wa pakanema: awiri.
Mwana wanga: zinyenyeswa.

Ndinkati nthawi ndidzaipeza,
ngati ndi ndalama yogwa pamsika.
Kani nthawi satola pansi.
Amachita kudula ngati nsalu pampukutu,
mwini sitolo akukuyang'ana ndi diso lofiira.

Ndinadula Lachitatu, folo koloko.
Foni m'dirowa, kiyi m'thumba.

Sabata yoyamba ntchafu inkanjenjemera yokha
pamalo pomwe foni imagona.
Ndinkayankha mwana ndi khutu limodzi,
lina lili kuchipata.
Sabata yachitatu a Chimphepo anandisiya,
anapeza mnyamata wa njinga yamoto wosadziwa tulo.
Sindinama, zinandiwawa.
Mwezi umenewo nyama tinaiona kawiri,
mai a Sungeni anangoti, tione komwe zikupita.

Timayenda m'mbali mwa njanji,
iye pamwamba pa chitsulo, manja atatambasula,
ine pansi, nsapato za kuofesi zitayera fumbi.
Ndadziwa tsopano kuti dzino lake lakumanzere likugwedera,
kuti Mwatitha amalemba ndi dzanja lamanzere ndipo amamuseka,
kuti saopa mdima
koma amaopa tambala wa a Nabanda.
Tsiku lina analoza khwangwala
akuuluka kulowera ku Chipata
n'kundifunsa, Adadi, uyo mwamudindira?
Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa miyala.
Kuseka kotero ndinali nditakuiwala
komwe ndinakusiya.

Si Lachitatu lililonse lomwe ndimakwanitsa.
Sabata yatha lole ya feteleza inakanirira,
mapepala ake anasemphana ndi manambala,
ndinafika kunyumba nyenyezi zitatuluka.
Ndinapeza mzere wa khala pakhoma la khitchini.
Anati, imeneyo ndi ngongole.
Sindinatsutse.
Wamsonkho amadziwa kuti cholembedwa sichifufutika ndi pepani.

Nyemba zitatu zija tinazidzala tonse
kuseri, pafupi ndi mpopi.
Imodzi inaola.
Ziwiri zasuzumira dzulo, mitu yopindika,
zitasenzabe kadothi pamwamba.

Lero ndi Lachitatu.
Kuchipata malole akulira, ndikuwamva.
M'dirowa la kuofesi foni ikudzigudubuza yokha,
wina akutukwana dzina langa m'Chibemba.
Ine ndanjuta pano ndi kapu ya pulasitiki,
bondo limodzi m'matope,
Sungeni akundigwira dzanja:
pang'onopang'ono, Adadi,
mukathira msanga
madzi amangodutsa.